Timawerenga utsi m'mawa

Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndimadzuka kukadali mdima n'kugwada kutsogolo kwa mbaula ya m'boti limene timakhalamo. Ndimatsegula kachitseko kake kagalasi, n'kutakasa phulusa ndi kachitsulo kuti ndione ngati pansi patsala moto. Ukakhalapo ndimaponyapo tinkhuni tiwiri touma, malasha angapo pamwamba, n'kutsegula kabowo ka mpweya. Pakangopita kanthawi kakupizira kachitsulo kamene kali pamwamba pa mbaulayo kamayamba kuzungulira kokha chifukwa cha kutentha, n'kumakankhira mpweya wofunda kuchipinda kumene abambo akunyumba akadali mtulo. Ndikatereka ketulo ndimatenga kansanza n'kupukuta mazenera, chifukwa usiku wonse mpweya wathu umasanduka madzi pagalasi, ndipo kukazizira kwambiri madziwo amaundana m'kati momwemo. Ndikapukuta zenera la kumanja ndimasuzumira panja n'kuyamba kuwerenga machumuni.

Pa mzere wathu pali maboti 14, koma okhalamo anthu nyengo yozizira yonse ndi asanu ndi awiri. Aliyense ndimadziwa nthawi imene utsi wake umatuluka. Mayi wa boti lofiira amatiyambirira tonse chifukwa galu wake salola kugonereza. Banja la kumapeto limachedwa. Mkulu wa boti lobiriwira, loyandikana ndi lathu, utsi wake umakhala wochepa koma sudukiza, chifukwa amadziwa kusunga moto usiku wonse kuposa wina aliyense pano. Palibe anatiuza kuti tiziwerengana chonchi. Ndinadzazindikira patapita miyezi kuti nawonso amayang'ana chumuni yathu.

Kwathu ndi ku Zomba, mbali ya ku Kachulu, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ndinabwera ku England mu 2002, zaka zimene anamwino ambiri a ku Malawi ankabwera kuno, ndipo abambo ndi ana anandilondola pambuyo pake. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 20 m'dziko lino, zambiri mwa izo usiku. Mu 2023 ndinakwanitsa zaka 66, msinkhu woyambira kulandira penshoni ya boma, ndipo ndinapuma. Tinkakhala m'nyumba ya lendi ku Coventry. Titakhala pansi ndi cholembera tinaona kuti lendi yokha ikudya gawo lalikulu la penshoni zathu ziwiri. Kubwerera kumudzi tinakuganizira kwambiri, mpaka usiku wina tinagona titamanga mfundo yoti tikupita. Koma adzukulu athu anayi anabadwira kuno, ndipo wamng'ono anali asanayambe n'kuyenda komwe. Ndalama zimene tinasunga sizikanagula nyumba. Zinakwanira boti lakale koma losamalidwa bwino.

Maganizo a boti anabwera ndi abambo. Iwo anakulira ku Monkey Bay akuona Ilala ikukocheza, sitima imene zitsulo zake zinasulidwa ku Scotland n'kudzalumikizidwa komweko, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Moyo wawo wonse akhala makaniko, ndipo akamva injini ya dizilo ikulira amadziwa chimene chikuivuta asanatsegule n'komwe. Ine ndinkakayika. Nditaimbira foni achimwene anga aakulu kuwauza, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chemwali, ndiye mwapita ulendo wonsewo kukakhala m'chimbowera?" Anthu a ku Chilwa akudziwa chimene ankatanthauza. Zimbowera ndi tizisakasa timene asodzi amamanga pa udzu woyandama m'kati mwa nyanja, n'kumakhala komweko miyezi akupha matemba ndi milamba. Tili ana tinkaona ngati okhala kumeneko ndi anthu osowa pogwira. Mawu a achimwene anandilasa, chifukwa munali chikondi ndi manyazi pamodzi, ndipo ndinalibe chowayankha.

Boti lathu ndi la mtundu umene kuno amautcha narrowboat. M'litali ndi mamita 17 ndi pang'ono, m'lifupi mamita awiri basi. Kupapatiza kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Ngalande za kuno zinakumbidwa ndi manja zaka zoposa 200 zapitazo kuti zizinyamula malasha, dothi loumbira ndi katundu wina, njanji isanabwere. Pokwera kapena kutsika phiri, boti limalowa m'kachipinda ka njerwa kokhala ndi zitseko zamatabwa mbali zonse, kotchedwa lock, mmene madzi amawonjezedwa kapena kuchepetsedwa kuti botilo likwere kapena litsike. Injiniya James Brindley, amene anayala ngalande zambiri zoyambirira, anasankha tizipinda topapatiza kuti asawononge ndalama ndi madzi, ndiye maboti onse oyenda m'ngalande zimenezo anayenera kutsatira muyeso womwewo. Mpaka lero timagona, kuphika ndi kusamba m'muyeso umene munthu ameneyo anasankha m'zaka za m'ma 1760. M'kati mwathu munthu akatambasula manja amatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Kukumana pa kanjira ka pakati, mmodzi amayenera kulowa kaye m'bafa kuti mnzake adutse.

Nyengo yotentha timayendayenda. Lamulo la Canal & River Trust, bungwe limene lakhala likusamalira ngalande za ku England ndi Wales kuyambira 2012, limati boti lopanda malo ake okhazikika lisakhale pamalo amodzi kupitirira masiku 14. Liwiro lololedwa ndi la munthu woyenda ndawala, makilomita asanu ndi limodzi ndi pang'ono pa ola. Ngalande ndi mitsinje ya bungweli ndi yotalika pafupifupi makilomita 3,200, ndipo ife taonako kagawo kakang'ono chabe: tatsika ngalande ya Oxford kudutsa ku Napton ndi Banbury, takwera ma lock khumi a ku Foxton amene anasanjikizana ngati makwerero. Ndi moyo wokoma, koma anthu okumana nawo ndi a moni wa dzanja. Lero mwamanga maboti moyandikana, mwacheza, mawa wina walowera kumpoto wina kum'mwera.

Novembala akafika, zinthu zimasintha. Bungwe lija limatseka ma lock ambiri kuti likonze zitseko ndi makoma, tinjira ta m'mbali mwa ngalande timasanduka matope, dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, ndipo masola a padenga sabweretsanso magetsi okwanira. Achinyamata ena amalimba mtima n'kumayendabe. Ife a mawondo otopa timalipira malo pa marina, doko lokumbidwa pambali pa ngalande, kufupi ndi mudzi wa Braunston ku Northamptonshire, kumene ngalande ya Oxford imakumana ndi ya Grand Union. Apa timamanga zingwe miyezi isanu, n'kulumikiza nthambo ya magetsi ku kamtengo ka pa mlatho wa matabwa. Magetsi ake ndi ogula mayunitsi, monga timachitira kwathu, ndipo ndi ochepa mphamvu: ukayatsa ketulo ya magetsi ndi makina ochapira nthawi imodzi, zonse zimathima.

Ntchito za tsiku ndi tsiku sizisiyana kwenikweni ndi zimene ndinakula nazo. Madzi amatungidwa. Thanki ili kumphuno kwa boti, ndipo pa sabata kamodzi timakoka payipi kuchokera ku mpopi wa pa mlatho n'kudikira kuti idzaze. Ukasamba umadziwa kuti madziwo ndi owerengeka: kunyowetsa thupi, kutseka, kupaka sopo, kutsegulanso. Chimbudzi chili ndi kathanki kochotseka kamene kamadzaza pa masiku awiri kapena atatu, ndipo munthu amakanyamula pa wilibala kukakhuthula ku kanyumba kapadera kumapeto kwa doko. Pano palibe amachita nazo manyazi. Mphunzitsi wopuma, msilikali wopuma, mayi amene anali ndi ofesi yakeyake ku Birmingham, onse timakumana pakhomo la kanyumbako aliyense ndi kathanki kake, n'kumafunsana za mawondo. Gasi wophikira amabwera m'mabotolo a makilogalamu 13, ndipo amakonda kutha nsima ili pamoto.

Malasha ndiye moyo wathu. Timagwiritsa ntchito opanda utsi wambiri, a m'matumba a makilogalamu 25, ndipo kukazizira kwenikweni matumba awiri pa sabata amatha. Pali maboti akale onyamula katundu amene mpaka pano amayenda m'ngalande akugulitsa malasha, dizilo ndi gasi. Lathu likamabwera timalimva lisanaoneke, injini yake yakale ikugunda pang'onopang'ono ngati mtondo wa munthu mmodzi. Tsiku limenelo doko lonse limatuluka. Matumba amaponyedwa padenga la boti lililonse, ndipo amene ali ndi mphamvu amanyamulira amene alibe, popanda wopempha. Mu 2024 boma litachotsa kwa okalamba ambiri ndalama yothandizira kugula zofunditsa nyumba m'nyengo yozizira, nkhani yake inakambidwa pano milungu yambiri, ndipo ndinaona matumba ena akusamuka usiku kuchoka padenga lina kupita padenga lina. Ndalamayo inabwezeretsedwa kwa ambiri chaka chotsatira.

Mbaula imodzimodziyo ndi imene imatiphikira. Nyemba ndimaziika m'mawa pamwamba pake, pofika madzulo zapsa popanda kuwononga gasi. Ufa timakagula ku Coventry kapena ku Leicester tikapita kukaona ana. Tsiku lina mayi wa boti lofiira anagogoda padenga, chifukwa pano odi wake ndi ameneyo, munthu sakwera boti la mnzake asanaitanidwe, n'kufunsa kuti fungo likutuluka kwathu ndi la chiyani. Anali mpiru wotendera. Kuyambira pamenepo Lachisanu madzulo, tikamasonkhana m'kachipinda ka doko aliyense ndi mbale yake, amayembekezera kuti ine ndibwera ndi zotendera. Chimodzi chimene chimandivutabe ndi maina. Pano munthu wa zaka 80 amafuna uzimutchula dzina lake loyamba, ngati mwana mnzako. Lilime langa limakana. Mkulu wa boti lobiriwira ndinamuuza kuti kwathu sititero, ndipo ndidzimutcha agogo. Anafunsa tanthauzo lake, nditamuuza anavomera ndi mutu. Tsopano theka la doko limamutcha choncho.

Agogowa anabadwira m'boti. Makolo awo anali a mabanja aja ankanyamula malasha kuchokera ku migodi ya ku Warwickshire kupita nawo cha ku London, banja lonse likukhala m'kachipinda ka kumbuyo kotalika mamita atatu okha, malo ena onse ali a katundu. Njanji itayamba kulanda malonda, eni maboti anatsitsa malipiro, ndiye amuna anatenga akazi ndi ana kulowa nawo m'boti kuti asamalipire nyumba komanso kuti akhale antchito aulere. Anthu a kumtunda ankawanyoza. Ana awo sukulu ankaiona mwa apo ndi apo, ndipo agogo anaphunzira kuwerenga ali wamkulu kale. Akamafotokoza zimenezi ndimaona zimbowera. Amasimbanso za chisanu cha 1963, pamene ngalande zinaundana kuyambira kumapeto kwa Disembala 1962 mpaka Malichi, maboti osasuntha, malipiro osabwera, makasitomala n'kutembenukira ku malole osabwereranso. Malonda onyamula katundu pa ngalandezi anafera pamenepo, ngakhale kuti maboti ochepa a ku Braunston anapitirizabe kunyamula malasha mpaka 1970. Ine ndinawauza za nyanja yathu imene inaphwa mu 1968 ndili mwana, mabwato atangokhala pa dothi long'aluka, asodzi akusamukira kwina. Inadzaphwanso mu 1995. Tinakhala chete tonse awiri, tikuyang'ana moto. Kenako anandifunsa ngati nsomba zinabwerera, ndipo ndinawauza kuti madzi atabwera nazonso zinabwerera, kuchokera m'mitsinje ndi m'madambo mmene zinabisala.

Ndiwo anandiphunzitsa za madzi oundana. Ngalande ikagwira, usiku umamva kulira kwachilendo, ngati waya wokokedwa, madzi oumawo akukhuzana ndi chitsulo cha boti. Abakha amatera n'kutsetsereka. Agogo anatiletsa kusuntha boti nthawi yotero, chifukwa madzi oundana amapala phula lakuda limene timapaka kunsi kwa boti zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse kuti dzimbiri lisadye chitsulo. Anatiuzanso kuti tizidzaza thanki tikangomva pa wailesi kuti kukubwera chisanu, chifukwa mipopi ya pa mlatho ndiyo imayamba kuuma. Chaka choyamba sitinamvere msanga, ndipo tinatha masiku asanu tikutunga madzi ndi zigubu ku mpopi umodzi wa m'kati mwa nyumba ya ofesi, tikuyenda pang'onopang'ono pa matabwa oterera. Anatikakamizanso kuyesa belu lochenjeza za mpweya woipa wa mbaula sabata iliyonse. Kuyambira 2019 belu limeneli ndi lamulo pa maboti ngati athu, ndipo monga namwino ndikudziwa chifukwa chake: mpweyawo sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Ndiye ngakhale kuzizire bwanji, timabowo ta mpweya ta pachitseko sititseka.

Linali Lachiwiri la mu Januwale pamene ndinapukuta zenera, n'kuwerenga, n'kupeza asanu ndi mmodzi. Chumuni ya boti lobiriwira inali zii. Ndinadziuza kuti mwina agonereza. Ndinathira tiyi, koma sindinamwe. Ndikuvala jekete ndinamva mapazi pa matabwa: mayi wa boti lofiira anali atafika kale, galu ali pambuyo, nayenso ataona zomwezo. Tinagogoda padenga. Tinamva mawu apansipansi. Abambo anabwera ndi kiyi amene agogo anatisungitsa, ndipo titatsegula, mpweya wa m'katimo unali wozizira ngati wa panja.

Anali pansi pa kanjira, pakati pa bedi ndi khoma, mwendo umodzi utatembenukira kunja ndiponso ukuoneka waufupi. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti fupa la m'chiuno lathyoka. Anagwa cha m'ma 3 koloko usiku akupita kukawonjezera malasha. Manja awo anali ngati mwala wa mumtsinje. Ndinagwada pamutu pawo, malo ake ongokwanira mawondo anga, n'kuwafunditsa mabulangete onse amene anthu ankandipatsira kuchokera pakhomo, wina ndi wina, ngati njerwa pa dima. Sindinawasunthe. Ndinkangowalankhula kuti asagone, n'kumawafunsa maina a ma lock kuyambira ku Braunston kupita kum'mwera, ndipo ankawatchula limodzi ndi limodzi, mano akugundana, osaphonya. Abambo anayatsa mbaula. Msilikali wopuma uja anakaima kumsewu kuti alondolere ambulansi, chifukwa doko lathu silioneka bwino kuchokera pamsewu. Ena anathira mchenga ndi mchere pa matabwa onse mpaka kumtunda. A ambulansi atafika anaona kuti machira sangakhote pa masitepe a kumbuyo, ndiye tinawatulutsira pa chitseko cha m'mbali, amuna anayi akulandira kunja, mapazi ali pa matabwa oterera, madzi oundana ali pansi pawo.

Milungu isanu ndi umodzi imene anakhala kuchipatala ndi kwa mwana wawo wamkazi, boti lawo silinazizire. Tinalemba pepala n'kulipachika m'chipinda chochapira: wakuti m'mawa, wakuti madzulo. Boti losiyidwa lopanda moto m'chisanu mapaipi ake amaphulika, ndipo chinyontho chimalowa m'zofunda ndi m'matabwa. Ndiye mbaula ya agogo inkayaka tsiku lililonse, mphaka wawo ankadya, mabatire ankayang'aniridwa. Ndikawerenga m'mawa ndinkapezanso asanu ndi awiri, ngakhale ndinkadziwa kuti m'botimo mulibe munthu.

Ndinakhala zaka 16 m'nyumba ija ya ku Coventry. Munthu wa khomo loyang'anana ndi lathu anamwalira, ndipo ndinamva patapita milungu itatu, nditaona anthu akutulutsa mipando. Sindikunena kuti anali anthu oipa. Tonse tinkatuluka mdima n'kubwera mdima, nyumba zathu zinkafunda ndi batani, madzi ankangobwera okha, ndipo panalibe chotikumanitsa. Pano chimene chimatikumanitsa ndi kusowa: mpopi umodzi, wilibala ziwiri za doko lonse, boti la malasha limodzi. Sindikufuna kukometsera zinthu. Pali mikangano ya jenereta yolira usiku, ya galu, ya malo oimika galimoto. Pali anthu amene anabwera m'boti osati mwa kufuna kwawo, koma chifukwa banja linatha kapena lendi inawakanika, ndipo kwa iwo nyengo yozizira ndi yowawa. Makalata amavuta, kulembetsa kwa dokotala kumafuna kulimbikira ngakhale lamulo silifuna kuti munthu aonetse umboni wa adiresi, ndipo basi yopita ku Daventry kapena ku Rugby siidikira munthu woyenda ndi ndodo. Koma zonsezi ndikaziika pa sikelo, mbali inayo pamakhala Lachiwiri lija, ndi mapazi a mayi uja pa matabwa ine ndisanamalize kuvala jekete.

Achimwene ndinawaimbira pa vidiyo tsiku lina m'mawa kunja kutayera ndi chisanu. Ndinatembenuza foni kuti aone mzere wa maboti, utsi ukukwera mowongoka chifukwa kunalibe mphepo, nsonga ya tchalitchi cha ku Braunston ikuoneka patali pamwamba pa chitunda. Ndinawauza dzina la mwini utsi uliwonse ndi nkhani yake. Anaonetsetsa nthawi yaitali. Sanabwezenso mawu aja a chimbowera. Anangofunsa kuti, "Nanga mmodzi akamwalira, maliro ake mumayendetsa bwanji kumeneko?" Ndinawauza zimene ndinamva kwa agogo, kuti kale munthu wa m'boti akamwalira, bokosi lake linkanyamulidwa pa boti lake lomwe kubwerera nalo kwawo, maboti ena onse akupatuka kuti lidutse, ndipo m'manda a tchalitchi chija mwagona ambiri a iwo. Achimwene anati, "Ndiye ndi anthu amenewo." Funso limene sanafunse, koma ndinalimva, ndi lakuti ine ndidzagona kuti. Ine ndi abambo nkhani imeneyo timaiyamba n'kuisiya. Thumba la makilogalamu 25 chaka chino likundilemera kuposa chaka chatha, ndipo masitepe atatu a kumbuyo ndimatsika chafutambuyo nditagwira chitsulo.

Agogo anabwerera kumapeto kwa Febuluwale ndi ndodo ziwiri. Abambo anawakhomera chogwirira china pakhomo, ndipo malasha awo tsopano timawathira m'ndowa zing'onozing'ono kuti asanyamule thumba. M'mawa ndimawapititsira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene poyamba ankalikayikira koma tsopano mbale imabwera yopukutidwa. Mwana wawo wawapezera kanyumba kopanda masitepe kufupi ndi iye, ndipo avomera. Anandiuza okha, akuyang'ana pazenera, kuti nyengo yozizira ino ndi yomaliza. Boti ligulitsidwa mu Epulo.

Malo ogulitsirako maboti ali kuseri kwa ma lock asanu ndi limodzi a ku Braunston ndi ngalande ya pansi pa phiri, imene ndi yotalika pafupifupi makilomita awiri ndipo m'kati mwake muli mdima ndi madzi odontha kuchokera kudenga. Anthu ogula maboti ananena kuti akhoza kutumiza munthu wodzalitenga. Agogo anakana. Ndiye pepala lina lapachikidwa m'chipinda chochapira, ndipo maina alembedwa kale asanu ndi anayi. Mayi wa boti lofiira ndi ine tidzatsegula zitseko za ma lock, abambo adzakhala pafupi ndi injini, msilikali adzatsogola pa njinga kukakonzeratu lock yotsatira. Tawaikira mpando wautali kumbuyo kuti asaime nthawi yonse. Chiwongolero anena kuti adzagwira okha, ndipo atichenjeza kale kuti tidzanyamuke 7 koloko, maboti a alendo asanadzuke.